WILLIAM COWPER, WOLEMBA NYIMBO WA MTIMA WOSWEKA

M'buku la nyimbo la Chingerezi limene mpingo wathu unasindikiza m'chaka cha 1985 muli nyimbo zingapo za munthu wa ku England dzina lake William Cowper. Eni ake amalitchula dzinali monga ngati Kupa. Ina mwa nyimbozo inachokera pa Zekariya 13:1, ndipo imanena za kasupe wotsuka uchimo. Ina inachokera pa Genesis 5:24, ndipo ndi pemphero la munthu wolakalaka kuyenda ndi Mulungu monga anachitira Enoke. Inanso imalimbitsa mtima wa wokhulupirira amene sakumvetsa zimene Mulungu akumchitira. Nyimbo zimenezi zayimbidwa m'matchalitchi, pa maliro ndi pambali pa odwala kwa zaka zoposa 200, ndipo woziyimba angaganize kuti mwini wake anali munthu wa mtima wokhazikika, wosadziwa kukayika. Sizinali tero ayi. Cowper anakhala ndi moyo zaka 68, ndipo zaka 27 zotsiriza anazitha akukhulupirira kuti Mulungu anamtaya kotheratu.

Tiyenera kuudziwa moyo wa munthu ameneyu, pakuti m'kalasi iliyonse ya Sukulu ya Sabata muli wina wofanana naye. Amafika pa nthawi yake, amayankha mafunso a phunziro, amayimba pamodzi ndi anzake, koma usiku tulo sitimudzera, ndipo m'mawa amadzuka ndi mtima wolemera popanda chifukwa chimene angathe kuchitchula.

Ubwana wake

Cowper anabadwa mu Novembala 1731 ku Berkhamsted, kumpoto chakumadzulo kwa London. Atate ake, John Cowper, anali mbusa wa Church of England. Mwa ana 7 a m'banjamo, awiri okha ndi amene anakula, William ndi mng'ono wake John. Amayi awo anamwalira m'chaka cha 1737, patangopita masiku owerengeka John atabadwa, William ali pafupi kukwanitsa zaka 6. Bala limeneli silinapole. Pamene wachibale wina anamtumizira chithunzi cha amayi akewo m'chaka cha 1790, zaka zoposa 50 chichitikire malirowo, nkhalambayo inakumbukirabe kulira kwa belu la tchalitchi ndi m'mene inaonera mtembo ukuchoka, ili pa zenera la chipinda cha ana.

Posakhalitsa mwanayo anatumizidwa ku sukulu yogonera komweko. Kumeneko mnyamata wina wa zaka ngati 15 anamsandutsa chozunza chake. William anali kumuopa kotero kuti sanali kukweza maso kuti amuyang'ane kumaso. Anali kumzindikira ndi nsapato zake. Tsiku lina atakhala yekha pa benchi, akudikira mnyamata uja ndi mantha, anakumbukira mawu a m'Masalmo onena kuti wokhulupirira Mulungu saopa chimene munthu angamchite, ndipo mantha anamchoka kwa kanthawi. Werengani Masalmo 56:11. Aka kanali koyamba kuti Mawu a Mulungu amtonthoze, ndipo sanakuiwale.

Atamaliza maphunziro ku Westminster School anaphunzira za malamulo, ntchito imene anamsankhira ena ndipo iye sanaikonde. Anakonda msuweni wake Theodora, koma atate a mtsikanayo anakana ukwatiwo, ndipo onse awiri anafa osakwatira. Ali ndi zaka ngati 21 anagwidwa ndi mdima wa maganizo kwa nthawi yoyamba: anali kugona ndi mantha, nadzuka wopanda chiyembekezo, pafupifupi chaka chathunthu. Analemba mapemphero ake papepala. Abale anamtengera ku Southampton, m'mbali mwa nyanja, ndipo m'mawa wina dzuwa likuwala pamadzi, katundu yense anatsika pamtima pake mwadzidzidzi. Poyamba anati Mulungu wayankha. Atabwerera ku London anati ndi mphepo ya kunyanja chabe imene inamchiritsa, natentha mapemphero aja.

Mantha a mayeso

Chimene chinamgwetsa kachiwiri chingaoneke chaching'ono. M'chaka cha 1763 wachibale wake anampezera ntchito ya ulembi ku House of Lords, imodzi ya nyumba ziwiri za malamulo za dziko la Britain. Inali ntchito yoyenera munthu wamanyazi, yosamala mabuku a zokambirana za nyumbayo. Koma ena anatsutsa kusankhidwa kwake, ndipo kunalamulidwa kuti aimirire pamaso pa nyumba yonse ndi kufunsidwa mafunso. Kwa miyezi yambiri anapita ku ofesi tsiku ndi tsiku kukawerenga mabukuwo, akutembenuza masamba popanda kumva kanthu. Kukana ntchito kukanachititsa manyazi womthandiza uja; kuimirira pagulu sakanatha. Ataona kuti njira zonse zatsekeka, anayesa kangapo kuchotsa moyo wake, koma Mulungu anamsunga.

Pambuyo pake panadza mantha oposa oyamba aja. Anatsimikiza mumtima kuti wachita tchimo losakhululukidwa. Ulaliki uliwonse umene anawerenga unali kumtsutsa. Poyenda mumsewu anali kuganiza kuti anthu onse akumseka. Mu Disembala 1763 mng'ono wake ndi abale ena anampereka ku nyumba yosamalira odwala maganizo ku St Albans, ya dotolo Nathaniel Cotton.

M'masiku amenewo odwala misala ambiri anali kumangidwa ndi unyolo, ndipo ku chipatala china cha ku London anthu anali kupita kukawaonerera monga zosangalatsa. Cotton anali wosiyana. Anali Mkhristu wofatsa, wodziwa mankhwala a nthawi yake, wodziwanso kukhala pansi ndi wodwala. Miyezi yoposa 6 inapita popanda kusintha. M'chaka cha 1764, mng'ono wake atabwera kudzamuona, anamuuza molimba kuti kutayika kumene anali kukukhulupirira kunali chinyengo cha nthenda, ndipo kwa nthawi yoyamba William analola kuti mwina nkutheka. M'nyengo yomweyo anapeza Baibulo pa benchi m'munda, nawerenga Yohane 11. Chimene chinamgwira mtima ndi chifundo cha Yesu kwa olira, Yesu amene analira nawo pa manda a Lazaro. Tsiku lina atakhala pa mpando pafupi ndi zenera anatsegulanso Baibulo, maso ake nagwera pa Aroma 3:25. Pomwepo anaona kuti nsembe ya Khristu ndi yokwanira, kuti chikhululukiro chake chili m'mwazi wa Yesu osati m'ntchito zake, ndipo anakhulupirira. Chimwemwe chake chinali chachikulu kotero kuti dotoloyo poyamba anaopa kuti ndi mtundu wina wa nthenda yomweyo. Atamvetsera bwino anakhutira, ndipo awiriwo anakhala akukambirana za uthenga wabwino pafupifupi chaka china, kufikira Cowper anatuluka mu Juni 1765.

Nkhani zambiri za maumboni zimathera pamenepa: munthu anali mumdima, anawerenga vesi, anachira. Ya Cowper ikanathera pomwepa bwenzi ili yokoma kuikamba, koma yopanda thandizo kwa iwo amene mdima unawabwereranso atabatizidwa kale.

Zaka za mtendere

Sanabwerere ku London. Anakakhala ku Huntingdon kuti ayandikire mng'ono wake amene anali ku Cambridge, ndipo kumeneko anadziwana ndi banja la mbusa Morley Unwin, nalowa m'nyumba mwawo monga mlendo wolipira. Masiku awo anali ndi dongosolo: kuwerenga Malemba m'mawa, kupita ku mapemphero, kuyenda pansi mtunda wautali madzulo, kuyimba nyimbo ndi kupemphera pamodzi asanagone. Munthu amene analibe mayi kuyambira ali ndi zaka 6 anapeza mwa Mary Unwin, mkazi wa mbusayo, mtima wa mayi. Mbusayo atamwalira mu Julayi 1767 chifukwa chogwa pa kavalo, Cowper anakhalabe ndi banjalo, ndipo chaka chomwecho anasamukira ku Olney poitanidwa ndi mbusa wa kumeneko, John Newton.

Newton anali munthu wosiyana naye m'zonse, kupatula kuti nayenso amayi ake anamwalira ali mwana wa zaka 6. Anali atakhalapo woyendetsa zombo zonyamula akapolo kuchokera ku Africa, munthu wolimba thupi, wanthabwala, wodziwa kuchokera m'moyo wake womwe kuti chisomo chimafika patali. Olney unali mudzi wa anthu osauka, ambiri a iwo akazi ndi ana oluka nsalu zokongoletsera ndi ulusi wopyapyala, ntchito yowawitsa maso ndi ya malipiro ochepa. Pakati pa nyumba ya Newton ndi ya Cowper panali munda wa zipatso wa munthu wina, ndipo anali kulipira ndalama chaka ndi chaka kuti azidutsamo, kuti aonane popanda kuzungulira mumsewu. Newton anali kumtenga pokayendera odwala ndi osauka. Munthu uja amene anafuna kufa poopa kuyankhula pagulu anayamba kutsogolera mapemphero pa misonkhano ya pakati pa sabata, ngakhale kuti anali kunjenjemera maola angapo nthawi isanakwane, ndipo omumva anali kuti amapemphera monga woona Iye amene akuyankhula naye.

M'chaka cha 1770 mng'ono wake John anadwala ku Cambridge. William anakhala pambali pake, namuona akulandira chikhulupiriro chomwe chija chimene kale anali kuchikayikira, asanamwalire mu Malichi. Chaka chotsatira Newton, poona kuti mnzake wayamba kufooka, anamuuza kuti alembe naye nyimbo za misonkhano yawo ya mapemphero. Umu ndi m'mene linayambira buku la Olney Hymns. Linatuluka m'chaka cha 1779 ndi nyimbo 348, koma za Cowper zinali zosakwana 70, pakuti ntchitoyo inamdukira pakati.

Chaka cha 1773

Pa 1 Januwale 1773 Cowper anamva Newton akulalikira pa 1 Mbiri 17:16, 17. Mwezi womwewo nthenda inabweranso ndi mphamvu. Ukwati wake ndi Mary Unwin, umene anali atapangana chaka chapitacho, unalephereka. Anayamba kukhulupirira kuti chakudya chake chili ndi poizoni, ndi kuti anthu onse amamuda, makamaka Mary amene anali kumsamala usana ndi usiku. Chakumapeto kwa Febuluwale analota loto, ndipo m'lotomo anamva mawu omuuza kuti zake zatha, watayika. Mawu amenewo anawalandira monga chiweruzo chochokera kwa Mulungu mwini. Kuyambira pamenepo sanapitenso kukapembedza ku tchalitchi. Analeka kupemphera, ngakhale pa chakudya, poganiza kuti kupempha chifundo kwa Mulungu amene wamkana ndiko kutsutsana ndi chifuniro chake.

Apa tiyenera kuima pang'ono, pakuti chinthu ichi ndi chodabwitsa. Cowper sanataye chikhulupiriro chake monga amachitira okana Mulungu. Anakhulupirirabe kuti Baibulo ndi loona, kuti Khristu anafera ochimwa, kuti aliyense wodza kwa Iye amalandiridwa. Anavomerezanso kuti kutembenuka kwake ku St Albans kunali koona. Koma anali kuti pa anthu onse olengedwa, iye yekha ndiye wopatulidwa pa lonjezolo. Abusa anamwerengera mavesi. Iye anawadziwa onse, ndipo akanatha kuwalongosola bwino kuposa iwo. Nthenda ya maganizo imachita chomwecho: imasiya nzeru ya munthu ili yonse, koma imapotoza chinthu chimodzi, ndicho m'mene munthuyo amadzionera.

Ena akhala akunena kuti chipembedzo cha Newton ndi chimene chinamdwalitsa. Mlanduwu ulibe maziko, pakuti nthendayo inamgwira kawiri asanamdziwe Newton, ndipo zaka zake zabwino koposa zinali zimene anakhala akugwira naye ntchito. Komabe sitingabise kuti ziphunzitso zina za nthawi imeneyo zinapatsa nthendayo chida. Onse awiri anakhulupirira kuti Mulungu anasankhiratu amene adzapulumuke. Kwa Newton, munthu wa maganizo olimba, chiphunzitsochi chinali chitonthozo. Kwa wodwala chinasanduka chigamulo chosasinthika, ndipo kumbuyo kwake kunali moto wozunza kosatha. Ife tiwerenga pa 2 Petro 3:9 ndi pa 1 Timoteo 2:4 kuti Mulungu safuna kuti wina atayike, pa Yohane 6:37 kuti Yesu sataya kunja wodza kwa Iye, ndi pa Aroma 6:23 kuti mphotho ya uchimo ndi imfa, osati moyo wosatha wa m'mazunzo. Chiphunzitso choona chimachotsa minga ina pa njira ya wodwala. Koma tisadzinyenge kuti chimatchinjiriza nthenda. Pakati pa osunga Sabata palinso ogona ndi misozi.

Chinanso chofunika kuchiona ndi mphamvu imene loto limodzi linapatsidwa. Mawu omveka usiku umodzi, m'mutu wa munthu wodwala, anaikidwa pamwamba pa malonjezano onse a m'Malemba kwa zaka 27. M'zaka zake za ukalamba Cowper anafika potumiza maloto ake ndi mawu amene anali kuwamva kwa mphunzitsi wina wa ku Olney, Samuel Teedon, kuti amumasulire, ndipo izi sizinamthandize konse. Kwathu kuno nakonso maloto amalemekezedwa, ndipo alipo okhulupirira amene akhala zaka ali ndi mantha chifukwa cha loto lawo kapena la munthu wina. Yeremiya 23:28 amasiyanitsa loto ndi Mawu monga mankhusu ndi tirigu, ndipo Yesaya 8:20 amatipatsa muyeso woyesera mawu aliwonse. Pa 1 Yohane 3:20 mtumwi amavomereza kuti mtima wathu ungathe kutitsutsa, koma amati Mulungu ndi wamkulu kuposa mtimawo.

Abwenzi, akalulu ndi cholembera

Nanga chinamsunga ndi chiyani munthu amene analeka kupemphera? Mu Epulo 1773 anapita kunyumba kwa Newton kuti athawe phokoso la msika waukulu wa pachaka umene unali kuchitikira pafupi ndi khomo lake. Anati agona usiku umodzi. Anakhala miyezi 13. Newton ndi mkazi wake anamsunga, pamodzi ndi Mary Unwin amene sanamsiye. Newton anakafunsa nzeru kwa dotolo Cotton, pakuti sanaone kutsutsana pakati pa pemphero ndi mankhwala. Sanamdzudzule mnzakeyo kuti ali ndi tchimo lobisika, sanamchotse pa chiwerengero cha abale, ndipo sanaleke kumuona monga mwana wa Mulungu. Mu Meyi 1774, Cowper akudyetsa nkhuku, kanthu kena kanamseketsa, ndipo Newton analemba kuti aka kanali koyamba kumuona akumwetulira m'miyezi yoposa 16. Tangoganizani munthu wowerenga miyezi kudikira kumwetulira kwa mnzake.

Atabwerera kunyumba kwake, mnansi wina anampatsa mwana wa kalulu amene ana anali atatopa naye. Posakhalitsa anali ndi akalulu atatu, Puss, Tiney ndi Bess. Anawapangira yekha timakola ta matabwa, naphunzira zakudya zimene amakonda, ndipo madzulo anali kuwalola kusewera m'chipinda chochezera. Puss atadwala anamsamala masiku atatu, ndipo atachira kaluluyo anamnyambita dzanja lonse, chala ndi chala. Anakhala naye pafupifupi zaka 12. Cowper anaphunziranso ukalipentala, kujambula zithunzi ndi kulima. Anali kunyadira nkhaka zake, namanga kanyumba ka magalasi kolereramo mbewu m'nyengo yozizira.

Wina angati izi ndi zachibwana, zosayenera kulembedwa m'mbiri ya munthu wa Mulungu. Koma werengani 1 Mafumu 19:4-8. Eliya atapempha imfa pansi pa mtengo, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anampatsa mkate ndi madzi, namlola kugona, nampatsanso chakudya kachiwiri. Kuyankhula kunadza pambuyo, ku Horebu. Mlengi amene anaumba thupi amadziwa kuti mtima wosweka umafuna tulo, chakudya, dzuwa, ntchito ya manja ndi cholengedwa china chochisamala. Masiku ano madotolo amaidziwa nthenda ya kupsinjika maganizo, ndipo pali mankhwala ndi uphungu zimene zimathandiza ambiri, zimene Cowper sanakhale nazo. Mbale wopita ku chipatala chifukwa cha nthenda yotere sanachepe chikhulupiriro, monganso sachepa wopita kukalandira mankhwala a malungo. Ndipo amene wayamba kuyankhula zofuna kufa asasiyidwe yekha, aperekezedwe kwa dotolo msanga.

Newton anasamukira ku London kumayambiriro kwa chaka cha 1780, koma asanachoke anamdziwitsa kwa mbusa wina wa ku Newport Pagnell, William Bull, amene anali kubwera kudzamchezera kawirikawiri. Newton ndi Cowper anapitiriza kulemberana makalata pafupifupi kufikira imfa. Mary Unwin, poona kuti m'nyengo yozizira munda sungamtangwanitse, anamlimbikitsa kulemba ndakatulo zazitali, ndipo buku loyamba linatuluka m'chaka cha 1782. Mnzawo wina, Lady Austen, tsiku lina anamuuza mwanthabwala kuti alembe za mpando wa sofa. Anayambadi ndi mpandowo, koma cholembera chinamtengera ku minda, ku mitsinje, ku moyo wa osauka, ku nkhanza zochitira nyama ndi ku ulamuliro wa Mulungu pa chilengedwe. Ndakatuloyo, The Task, inatuluka m'chaka cha 1785, ndipo inamsandutsa mmodzi wa alembi owerengedwa koposa mu England. M'chaka cha 1788 analemba ndakatulo zotsutsa malonda a akapolo, zimene zinafalitsidwa kwambiri ndi omenyera nkhondo kuthetsa malondawo. Anamasuliranso m'Chingerezi mabuku a Homer, wolemba wakale wa Chigiriki, atadziikira muyeso wa mizere 40 pa tsiku, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa m'chaka cha 1791.

Sanali kulemba pofuna kutchuka. Anali kulemba kuti maganizo ake apeze pogwira, pakuti akakhala chabe mawu aja anali kubwerera. Chaka chilichonse mwezi wa Januwale ukamayandikira anali kuchita mantha. Koma makalata ake a zaka zimenezi ndi odzala ndi nthabwala, chikondi ndi chidwi pa tinthu tating'ono, ndipo kwa abwenzi oferedwa anali kulemba mawu a chitonthozo cha uthenga wabwino, chimene iye mwini anali kuti si chake. Anali ngati munthu wotungira ena madzi pa chitsime chimene akukhulupirira kuti iye analetsedwa kumwapo. Madziwo anali enieni ndithu, ndipo omwa anapeza moyo, pakuti mphamvu ya lonjezo ili mwa Wolonjeza, osati m'mene akumvera wolinyamula. Paulo ananena za chuma chosungidwa m'zotengera zadothi pa 2 Akorinto 4:7-9.

Panali munthu winanso amene anamthandiza mobisika. Kwa zaka zingapo anali kulandira mphatso ndi ndalama kuchokera kwa wina wosatchula dzina, kudzera mwa msuweni wake Lady Hesketh. Olemba mbiri yake amakhulupirira kuti anali Theodora, mng'ono wake wa Lady Hesketh, yemwe uja anamkonda ali mnyamata.

Madzulo a moyo

M'chaka cha 1786 anasamukira ku Weston Underwood, mudzi woyandikana ndi Olney, ku nyumba yabwinopo. Patangopita masabata owerengeka William Unwin, mwana wa Mary ndi bwenzi lake lapamtima, anamwalira, ndipo m'chaka cha 1787 nthenda inamgwetsanso kwa miyezi ingapo. Anadzukanso. Ndipo m'chaka cha 1791 ndi cha 1792 Mary anagwidwa ndi nthenda yofa ziwalo, nayamba kulephera kuyenda, kuona bwino ndi kuyankhula momveka. Tsopano zinthu zinatembenuka. Iye amene anasamalidwa zaka zoposa 25 anasanduka wosamala, akumtsogolera poyenda, akumwerengera, akusiya zolemba zake kuti akhale naye. Munthu wodziyesa wotayika anali kukwaniritsa lamulo la Khristu la pa Agalatiya 6:2 tsiku ndi tsiku.

Katunduyo anamlemera. M'chaka cha 1794 mfumu inampatsa ndalama za chithandizo zokwana mapaundi 300 pa chaka, koma uthengawo unafika iye ali mumdima wosatha kukondwera ndi kanthu. M'chaka cha 1795 wachibale wake wachinyamata, mbusa John Johnson, anawatenga onse awiri kupita nawo ku Norfolk, nakhazikika nawo ku East Dereham. Mary anamwalira pa 17 Disembala 1796. Cowper anakaona mtembo wake kamodzi, ndipo sanatchulenso dzina lake. Johnson anakhala naye zaka zotsalazo, akumwerengera mabuku maola ambiri, akumuikira mapepala a Homer pafupi kuti mwina angawatole ndi kuyambanso kukonza, ndipo anawatoladi.

Ndakatulo yake yotsiriza, ya mu Malichi 1799, imanena za mmalinyero amene anagwera m'nyanja pa namondwe, anzake nalephera kubweza chombo kuti amtole. Cowper anadzifanizira ndi munthu ameneyo. Sitingakometse mathero ake: kufikira masiku ake omaliza, Johnson akamuuza za chifundo cha Mpulumutsi, iye anali kupempha kuti aleke. Anadwala nthenda yotupitsa thupi, namwalira pa 25 Epulo 1800. Johnson, amene anali pomwepo, anasimba kuti nkhope ya womwalirayo inaoneka yodekha, monga ya munthu amene wadabwa ndi chinthu chopatulika. Pa nkhope ya mtembo sitingamangepo chiphunzitso. Akufa ali m'tulo, ndipo chiweruzo ndi cha Iye amene Yesaya 42:3 amati sathyola bango lophwanyika, amene adziwa kusiyanitsa kupanduka kwa mtima ndi kudwala kwa ubongo.

Anaikidwa m'tchalitchi cha St Nicholas ku East Dereham, momwenso munaikidwa Mary Unwin. Ku London, Newton, ali nkhalamba ya zaka 74 ndipo maso ake atayamba kuchita khungu, analalikira ulaliki wokumbukira mnzake amene anamdziwa zaka zoposa 32. Anatsegula pa Eksodo 3:2, 3, pa chitsamba chimene Mose anachiona chikuyaka moto koma osanyeka.